Makalata Awiri ndi Makiyi a Minibasi

Chipale chofewa chagona pa mawaya a magetsi a mu Bishkek.
M'khitchini, pansanjika yachisanu,
Aizirek wayala makalata awiri
pakati pa mbale ya mchere ndi tiyi amene waiwala kumwa.

Ina yachokera ku Geneva.
Pepala lake ndi losalala ngati tsaya la khanda.
Ikuti: takulandira, bwera udzaphunzire
mmene mayiko amalankhulirana asanayambe kuwomberana.
Mtengo anaulemba kumunsi, m'tizilembo tating'ono,
ngati munthu wopempha ngongole pamaliro.

Inayo ndi ya ku Ankara.
Fizi tilipira ndife, bedi lilipo, kudya kawiri patsiku.
Za iyi palibe wachibale amene waimba foni.

Katatu konse wasandutsa mafaranki kukhala masomu,
mwina foni yalakwitsa.
Sinalakwitse.
Ndiye wasandutsa masomuwo kukhala anthu,
okwera minibasi ya bambo ake, a Toktobek,
mmodzimmodzi, ndi majumbo awo, ndi chifuwa chawo:
zaka zisanu ndi chimodzi za anthu opondana zala
kuti iye akayende zaka ziwiri pansi pa mbendera za dziko lonse.

Mayi ake, a Burul, amagulitsa masokosi m'kontena ku Dordoi.
Makalata sanawerenge. Angowapima m'manja ngati nsalu.
Ulusi ndi umodzi, mwanangu, akutero,
koma sokosi ya dzina ndiyo imachoka pa shelefu.
Kenaka akhala chete.
Akudziwanso mtengo wopikulira dzinalo.

Meerim, amene anapita kale, watumiza mawu usiku,
akupumira m'mwamba, akuthamangira basi:
miyezi isanu ndi umodzi ndinagwira ulere,
ndimagona kutsidya kwa malire, lendi ya kuno imaluma,
koma dzulo ndinakwera chikepe chimodzi ndi kazembe,
anandifunsa dzina.
Kontirakiti yanga ikutha mwezi wamawa. Bwera.
Kapena usabwere. Sindikudziwa, mnzanga.

Ndipo pali a Esengul, mphunzitsi wake wakale,
amene digiri yawo anakaitenga kosatchuka.
Nsapato zawo zinapendekeka zidendene.
Zaka khumi akhala akupita kumidzi ya m'malire
kukamva madandaulo a anthu olimbirana ngalande imodzi.
Palibe anawajambulapo.
Amati madziwo, chaka china, amafika mbali zonse.

Cha m'ma leveni a Toktobek alowa, akununkha dizilo.
Sanavule ndi chipewa chomwe.
Aika makiyi pamwamba pa kalata ya ku Geneva.
Wina wa ku Tokmok akuifuna, akutero,
wati injini ikadali ndi moyo.

Zaka zinayi Aizirek waloweza mapangano a mayiko,
ndani anagonja, ndani anasaina ndi dzanja lonjenjemera.
Palibe buku linamuuza chochita
mbali inayo ikabwera kudzapereka zonse
isanapemphedwe.

Wakankha makiyi. Bambo awabweza.
Wakankhanso, agunda mbale, mchere mwaa.
Mayi akusesa ndi chikhatho, osatenga mbali,
monga achitira amkhalapakati enieni.

Mundipatse mpaka Lachisanu, iye akutero.
Ndiwalembera a ku Geneva, adule pakati.
Akakana, Ankara nayo ili ndi zitseko.
Minibasi siili pa zokambirana.

Bambo aseka kamodzi, m'mphuno.
Ukulankhula ngati wa pa wailesi.
Makiyi sanatenge, koma sanawakankhenso.

Iye walemba kalatayo kasanu.
Wafufuta mawu akuti chonde, wawabwezera,
wafufuta akuti ndife osauka,
walemba chiwerengero chokha, chimene angathe, n'kusaina.

Isanakwane faifi, kunja kukadali bii,
wamva chitseko, mapazi akutsika masitepe.
Patebulo patsala makalata awiri ndi timchere.
Pansi apo injini yatsokomola, yazima.
Yatsokomolanso.
Aizirek wagwira mpweya, chala chili pa batani lotumizira,
akudikira kachitatu.