Gawo Lachitatu

Bambo ankapereka nyenyezi pa gawo lachitatu.
Sankadikira.
Ankati sewero lili ngati nsomba ya pamsika wa kudoko:
yang'ana diso, nunkhiza, gula kapena pitirira.
Chala chawo, chokakala ndi mchere wa zaka makumi anayi,
chinkadina foni kawiri isanamve.
Zisanu ndi ziwiri, basi,
kenako n'kupempha tiyi wa balere.

Ine ndinkati kumeneko n'kubera mayeso.
Muyamika bwanji mlatho muli pakati pake?
Olemba amatopa akafika gawo lakhumi ndi chiwiri,
amaukitsa akufa, amaiwalitsa anthu maina awo,
wosesa mu ofesi amapezeka kuti ndi mwana wa mwini kampani.
Ine ndimadikira maina atsike kumapeto,
ndigone kaye, ndidzuke, ndione chatsala m'mutu.
Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Hye-ran, mlongo wanga, ali ndi lamulo lake:
akalira, khumi; maso akauma, zinayi.
Mayi Ok-bun a chipinda cha pansi pathu
amachotsa ziwiri apongozi a m'sewero akafanana ndi awo.
Kuntchito kuli Tae-gon, woyendetsa kireni,
anapereka imodzi pa sewero lomwe sanalionepo n'komwe,
poti mtsikana amene anamukana amalikonda.

Chaka chino kunali la mmisiri wokonza mawotchi,
wodikira mkazi wake pasiteshoni yomwe sitima zinaleka kuima.
Magawo khumi ndi asanu ndi limodzi, Loweruka ndi Lamlungu.
Tinaliyamba kwathu ku Yeongdo,
mazenera atachita nthunzi,
nyali za padoko la Busan zikuphethira kunja.
Lachitatu litatha Bambo anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya,
anadina khumi.
Chigulireni foni anali asanaperekepo khumi.
Ndinati mwapupuluma, mudzachita manyazi.
Anati, manyaziwo adzandipeza.

Lachisanu ndi chinayi tinaonera kuchipatala,
tivi ili m'mwamba pafupi ndi denga, mawu otsitsa
poti wa bedi linalo anali atagona.
Lakhumi ndi chimodzi anagonera pakati.
Lakhumi ndi chitatu ndinawafotokozera ndi pakamwa,
ndinanamako pang'ono,
ndinati mkazi uja wagula kale tikiti.
Lakhumi ndi chinayi linaulutsidwa tikugwadira olira,
nsapato zitadzaza pakhomo, maluwa oyera mbali zonse,
Mayi Ok-bun akugawa supu, osafunsa kalikonse.

Otsalawo ndaonera dzulo, ndekha, motsatizana.
Latha moipa, Bambo.
Mkazi uja wangotulukira, palibe wafunsa kumene anali,
atanyamula khofi wa m'chitini, dzina la kampani litayang'ana kwa ife.
Mawotchi onse analira pamodzi
ngati kuti phokoso lingatseke dzenje.
Mwa lamulo langa ndi zisanu.
Ndagona, ndadzuka, zikadali zisanu.

Anthu zikwi makumi anayi aponyamo zawo,
zasakanikirana, zatuluka zisanu ndi ziwiri ndi kachidutswa.
Khumi lanu lili momwemo
ngati mchere mumsuzi, sungaulozenso ndi chala.
Ndikaponya zanga, zidzadya pang'ono pa zanu.
Hye-ran akuti ingopereka khumi, walira kapena sunalire?
Ndamuuza kuti sindinalirire sewero.
Akuti foni sifunsa zimenezo.

Magalasi anu ali pamwamba pa tivi, mwendo umodzi womanga ndi ulusi.
Ndabwezera gawo lachitatu kuti ndione chimene munaona.
Mulibe zambiri.
Mmisiri akudya mpunga wozizira ataimirira,
akuika mbale yachiwiri, akuichotsa, akuiikanso.
Amayi atamwalira, kodi inunso
sindinkakupezani mukutsuka mbale ziwiri?

Foni yazima m'manja, ndaiyatsa.
Nyenyezi khumi zili pamzere, zonse zopanda kanthu m'kati.
Pansi pake pali kafunso: mwafika pati?
Basi ya kudoko ikubwera pakatha mphindi zisanu ndi imodzi.
Ndalemba kuti gawo lachitatu,
ndavala jekete, ndatuluka.