Utale Papepala

Ndinagula mbale ya bowa kwa Asiyatu
pamsewu wa ku Benga, mvula itangokata,
osati wa ndiwo ayi.
Ndinkafuna andikhalire patebulo
ngati mlendo wodikira chithunzi.

Zaka makumi atatu ndinkalemba manambala
m'mabuku a kampani ya nzimbe;
dzanja langa limadziwa mzere woongoka.
Koma madzi samva mzere.
Ndinaviika burashi m'kapu yobenthuka,
kugunda chikasu, kugunda kofiira pang'ono,
manyame aja papepala
kusanduka dzira loswekera pansi.

Pepala lachiwiri linakwinyika ngati mphumi ya wangongole.
Lachitatu ndinaliyanika pakhonde, nkhuku n'kupondapo.

Asiyatu, podzatenga mbale yake, anasuzumira.
"Bambo Kamzati, utale suyera chonchi.
Kutsinde kumakhala dothi la pachulu,
ndipo chipewa chimang'ambika m'mphepete
ngati ambulera yakale."
Anandilanda burashi, naifinya ndi zala ziwiri.
"Madzi achuluka. Dikirani paume."

Ndinadikira,
kudikira kumene ku ofesi sanatiphunzitse:
kupenya chinyezi chikuthawa mwakachetechete,
kenaka kugoneka mthunzi kunsi kwa chipewa,
timizere tija tothithikana
ngati masamba a buku la ngongole.

Tsopano bowa weniweni wafota,
kamphutsi katulukira m'tsinde kudzandiona.
Wa papepala waima ndi mwendo wopindika,
sangapusitse ngakhale chiswe.
Komabe zala zanga zikununkha nkhalango,
ndipo ndamuuza Asiyatu
kuti mawa abwere ndi ndelema,
asamusase dothi.