Mpata wa Katoni ya Machesi

Cortina ya a Pillay inabwera chokokedwa Lachiwiri,
chisanu cha Juni chitaumitsa malata a galaja ku Booysens.
Ya 1974, mtundu wa tiyi wochepa mkaka.
Eni ake, ndodo m'manja, anati:
Yandichititsa manyazi pa maloboti a ku Fordsburg,
mateksi kundilizira mahutala ngati ndaba.
Ndatopa kuinyengerera m'mawa uliwonse.
Ikamoni zamakono.

Ndinatsegula boneti.
Timakilipi tiwiri, kha! kha! chivindikiro cha disitibyuta chachoka.
Rota ndinaizula ngati dzino logwedera.
Pansi pake, si awo mapointi,
timilomo tiwiri tachitsulo
tomwe takhala tikukumana n'kulekana, kukumana n'kulekana,
mpaka kena kanakumbika dzenje,
kanzake kanamera njerewere.

A Lufeyo ku Ndirande analibe geji.
Ankang'amba katoni ya machesi
n'kuilowetsa pakati pa mapointi,
diso limodzi chotsinzina, ndudu ili kukhutu.
Ikakoka pang'ono, ngati mwana wakugwira malaya,
basi, manga.
Ndinadya makofi angati
zala zanga zisanamve kukokako?
Anamwalira ndili kuno.
Maliro awo ndinaonera pafoni, nditatsamira mulu wa matayala.

Chatsopanocho chinabwera m'kabokosi kochepa kuposa sopo:
mphete ya maginito, kachidutswa kakuda, mawaya awiri.
Kondensa kunja. Mapointi kunja.
Kasikuluu kamodzi kanagwera m'kati,
ndinakawedza theka la ola
ndikutukwana m'zilankhulo zitatu.
Mphete ndinaiveka pa shafuti.
Wofiira ku pulasi ya koilo, wakuda ku mainasi.
Ukasemphanitsa, anakuwa Mandla ali kunsi kwa lole,
marandi ako akwera kumwamba ndi utsi,
bwana adula pamalipiro.
Ndinayang'ana katatu.

M'menemo tsopano mulibe zokhudzana.
Maginito angodutsa chapafupi,
kakudako kamva, kauza koilo,
moto uthetheka kutali.
Pepala lake likuti simudzatsegulanso.

Magetsi anathima cha m'ma folo.
Zinandikomera, nyali ya taimingi imadya za batire
ndipo imaphethira bwino mumdima.
Kiyi kamodzi kokha, injini vuu.
Ndinapotoza disitibyuta pang'ono, pang'ononso,
kamzere ka choko pa pule kanasiya kuvinavina,
kanaima nji.

A Pillay anapendeketsa mutu, kumvetsera.
Sanaseke.
Inkatsokomola kawiri isanalire, anatero,
ndipo mayi a kunyumba ankapezerapo nthawi
yonditulukira ndi chipewa chomwe ndaiwala.
Tsopano palibe woti atuluke, ingolirani.
Anawerenga ndalama, n'kuwonjezera ya buledi.
Nyali zakumbuyo zinakhota cha ku milu ya mchenga wa migodi,
osaphonya ngakhale kamodzi.

Loweruka ndinatumiza ndalama ku Balaka.
Ndinangodina, ndipo Esinati anayankha: Zafika.
Chaka chachinayi chino.
Sitinakanganepo za mchere kapena za bulangete,
palibe wadya mnzake,
tikuyenda bwino ndithu,
aliyense amene amafunsa ndimamuuza choncho.

Mapointi aja sindinataye.
Ndinawapeza m'thumba la ovolosi pochapa,
limodzi ndi chiphaso cha basi ndi nati ya teni.
Ali pawindo la chipinda changa ku Rosettenville.
Usiku wina tulo tikakana,
anzanga awiri akuliza nkonono kuseri kwa katani,
ndimawatsegula ndi chala chachikulu,
ndimawasiya atsekeke okha, tche.
Dzulo ndinang'amba katoni ya machesi
n'kuilowetsa pakati.
Inakoka pang'ono.
Ndinakhala nditaigwira choncho
mpaka teksi yoyamba inaliza hutala kumsewu.