Mapeso Mazana Asanu ndi Awiri

Ndatsitsa chitseko chachitsulo, chalira monga mwa masiku onse.
Kumusi, ku doko la Valparaíso, sitima ikuitana inzake m'nkhungu.
Ine ndili pamwamba pa phiri,
m'kasitolo kanga ka masabata asanu,
ndi kope lachikuto chobiriwira
ndi pensulo yomwe ndaitafuna kumutu.

Kumanzere zolowa, kumanja zotuluka.
Anandiphunzitsa choncho Amaro, mwana wa mlongo wanga,
maso ali pafoni:
"Azakhali, ndalama sikumbuka njira yomwe yadzera.
Muziikumbukira ndinu."

Ndiye ndimalemba.
Ulusi wakuda, mipukutu iwiri.
Zipi ya buluku, anaibweza, natenga yaitali.
Mabatani asanu ndi atatu a jekete la woyendetsa basi,
amene anandiuza mbiri ya jeketelo ndisanamufunse.
Lasitiki, mamita atatu, Doña Herminia, pangongole
mpaka penshoni itatuluka.
Iwowa ali ndi tsamba lawolawo,
ndipo tsambalo likunenepa kuposa eni ake.

Ndawerenga za m'kabati. Ndanyowetsa chala, ndabwereza.
Kope likuti zikwi makumi atatu ndi chimodzi, ndi mazana anayi.
Kabati ikukana.
Yaperewera ndi mazana asanu ndi awiri.

Si ndalama yolirira munthu wamkulu, ndikudziwa.
Koma zaka makumi awiri ndi zitatu ndinatumbula nsomba m'fakitale,
belu kulira, envulopu kubwera,
owerengera anali ena, m'chipinda chagalasi.
Lero bwana ndine, kalaliki ndine, wosesa ndine,
ndipo ngati muno mwalowa wakuba
ndiyenera kumupeza ndekha.

Ndapisa m'thumba la epuloni.
Ndagwada, ndasuzumira pansi pa shelefu:
fumbi, batani limodzi lofiira
lomwe linathawa usiku wa chivomerezi,
ndi phini.
Mtima wathamangira kwa kamtsikana ka yunifolomu
kamene kanasisita maliboni onse osagula n'limodzi lomwe.
Ndakaweruza, ndakamanga, ndili chigwadire,
maondo akuwawa pasimenti.

Kenaka fungo landibwerera m'mphuno.

Nthawi ya m'mawa ija, mphepo yapanyanja ikulasa m'mafupa,
anadutsa Don Froilán ndi dengu lake lovundikira nsalu.
Buledi wotentha, awiri.
Dzanja langa linalowa m'kabati
ngati likulowa m'thumba la diresi langa,
ndinadya choimirira, nyenyeswa zikugwera pa maliboni omwewo.

Wakuba uja ndamugwira.
Wavala nsapato zanga.

Pepa, mwana iwe wa yunifolomu.
Ukadzabweranso, sisita mpaka utatopa.

Kumanja ndalemba: Buledi, 700.
Pensulo yaima m'malere.
Masabata asanu ndalipira lendi,
ndalipira magetsi, chiphaso cha kukhonsolo,
ndi bambo wa ku Santiago wobweretsa katundu Lachitatu,
amene samwetulira asanaone lisiti.
Mayi woima pano kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kumira m'nyanja,
womwetulira ngakhale wogula singano imodzi,
sindinamupatsepo kanthu.
N'chifukwa chake wayamba kuba.

Ndatenga tepi yopimira nsalu, ndaigoneka patsamba,
ndajambula mzere wina, wokhotakhota pang'ono.
Pamwamba pake: Malipiro a Eliana Quilodrán.
Dzina langa likuoneka lachilendo pamenepo,
ngati mlendo amene sanauzidwe pokhala.

Tsopano kope ndi kabati zagwirizana.
Ya lendi ndaipatula m'chitini cha tiyi,
ya katundu m'sokosi yopanda inzake.
Chotsala n'chaching'ono ngati diso la singano.
Ndachiyang'anitsitsa.
Ulusi umadutsa pomwepo.

Kunja nyali zatsetsereka phiri lonse mpaka kumadzi,
galu wa aneba akuuwa masitepe opanda munthu.
Ndatsegula tsamba lamawa, ndalemba deti,
ndipo m'mphepete, timalemba ting'onoting'ono:
ulusi woyera watsala umodzi.
Doña Herminia, uwakumbutse,
koma mwaulemu.