Khobidi la pa Mlatho wa Tweed

Bambo anga, Fergus, ankameta nkhosa tsidya lino,
a Wilfred ankakonza mathirakitala tsidya linalo.
Pakati pawo panali mtsinje, mlatho wamiyala,
ndi khobidi limodzi lakuda lofufutika nkhope.

Chaka ndi chaka, chisanu chikamaluma makutu,
Scotland ndi England akagundana mitu pa ragibi,
wogonja ankawoloka mlatho wapansi
kukapereka khobidilo.
Osatuma mwana. Osaponya pa positi.
Wekha, chipewa kumanja, anthu akusuzumira m'mawindo.

Bambo anawoloka kambiri, ndisaname.
Ankabwerako usiku akununkha mowa wa adani,
akutukwana woyimbira, mphepo, matope,
ndi mpira womwewo, chidzira chopanda mwambo
chonjanjira komwe sunachitume.
"Wilfred ndi njoka," ankatero povula nsapato,
m'mawa n'kupita kukam'bwereka sipanala.

Paunyamata anakumanapo pabwalo la kumudzi.
Mphuno ya bambo inapindika ndi chigongono cha a Wilfred,
khutu la a Wilfred lidakali ngati bowa wopondedwa.
Zaka makumi anayi ndi zitatu
palibe anapepesa mnzake.

Bambo tinawaika mu Novembala.
A Wilfred anaima kumbuyo kwenikweni,
pakamwa tseke, osayimba nafe,
maso ali pa nsapato zawo.

Itabwera nyengo ija, tinagonja.
Ndinazimitsa wailesi, ndinatsuka mbale zotsuka kale.
Khobidi ndinalipeza m'kabati,
pakati pa mankhwala a nkhupakupa ndi lumo.

Mlathowo ndi wautali ukamauyenda wogonja.
Madzi pansi ankangopita,
osafunsa kuti gombe ili ndi la yani.

Anatsegula ndisanagogode.
Anayang'ana khobidi, anayang'ana ine.
"Chipewa, Morag," anatero.
Ndinavula.

Pa tebulo panali matambula atatu.
Ola lathunthu ananyoza anyamata athu:
miyendo ngati bango, manja opaka batala,
wothamanga wathu akuti angapitiridwe ndi ng'ombe yabere.
Ndinayankha mmene akanayankhira bambo,
mawu ena oti amayi asawamve.
Anaseka mpaka kutsokomola,
kenako anatembenukira kukhoma nthawi yaitali.

Tambula yachitatu sitinaikhudze.

Pakhomo ndinati, "Chaka chamawa mudzawoloka ndinu."
"Ndi mawondo awa?" anatero. "Usalote."
Koma ndinaona ndodo yatsopano kuseri kwa chitseko,
mtengo wake usanamatulidwe.