Zolengeza za Tsiku la Chaka Chatsopano

Abambo Mfumu safika lero.
Lifuliza wadzadza usiku, mlatho wa mitengo wapita,
njinga yamoto yabwerera tsidya lija.
Mapemphero tachita tokha ndi akatekisiti,
ndiye yakwana nthawi yanga, ine mlembi,
ndi kope langa lonyowa m'mphepete.

Chete kumbuyoko.
Anyamata mwachezera gumbagumba kwa Mwansambo,
maso psuu ngati phwetekere, tikukuonani.

Choyamba, mtulo.
Mphakati wa Yosefe Woyera wamaliza.
Wa Monika Woyera kwatsala anthu asanu ndi awiri.
Maina sinditchula, chaka nchatsopano,
koma mbuzi zawo timakumana nazo m'njira.

Malata.
Tinagula makumi atatu.
Anayi anayenda okha usiku wa Khirisimasi.
Lata lilibe miyendo, abale anga.
Inu mwakhala podonthapo, kokani benchi,
ndipo amene denga lake likung'anima chigawo chimodzi
adziwe kuti Mulungu amaona kuchokera kumwamba.

Obatizidwa chaka chathachi, makumi anayi ndi atatu.
Maukwati awiri basi.
A Venansiyo Kalonjere, ana afika asanu,
nkhuku yachinkhoswe tinaiwala ndi kukoma kwake,
kaundula akukudikirani.

Mbozi zalowa m'munda wa mpingo.
Lachitatu m'mamawa aliyense ndi phulusa m'chitini.
Amayi a kwaya, mbande za mpunga zakula kudambo,
musadikire mpaka zichite mfundo.

Iyi njabwino.
Zakeyo, mwana wa a Nachisale,
uja anapita ku Joni zaka zisanu osamveka,
waimba foni dzulo. Ali moyo.
Akuti amatsuka magalimoto, wanenepa.
Lululutani, ndidikira.

Basi. Tsopano tiimirire.
Awa tinalowa nawo chaka, sitinatuluke nawo:
Bonifasiyo Mkanthama, woimba belu.
Edesi Chapola ndi khanda lake losatchulidwa dzina.
Agogo Sitiveriya.
Fulugensiyo, amene ng'ona inatibwezera malaya okha.
Dolotiya Kamphinda.
Apa chala changa chaima pamzere.
Mvula ikuyankhula pamalata,
mwana wina akulira, amake akumugwedeza,
akatekisiti atsokomola kuti andithandize.
Pulikeriya Msokera.
Ndatchula. Ndapitiriza mpaka wa khumi ndi chimodzi,
mawu osagwedera, monga ndinaphunzirira.

Khalani pansi.

Chomaliza, katundu wotayika.
Pali ambulera yakuda pamsomali kuseri kwa chitseko,
nthiti imodzi yomangidwa ndi ulusi wa thumba la feteleza.
Ndakhala ndikulengeza Lamulungu lililonse
kuti mwini wake adzatenge,
ndipo inu, anthu abwino, mumangowerama,
palibe anandiyankhapo.
Ulusiwo ndinamanga ndine, pakhonde, madzulo ena.
Anaiwala pa Lamulungu la Kanjedza.
Nditamukumbutsa anati,
ya chiyani chilimwe chino, ndidzatenga mvula ikadzagwa.

Mvula inagwa pa khumi Disembala.
Chimanga chafika m'mawondo.

Lero sindilengezanso.
Amene wabwera wopanda chofunda atenge, asabweze.
Zolengeza zathera pomwepa.
Chaka chabwino nonse. Akwaya, tiyeni.

Anthu atuluka, matope mpaka m'akakolo,
nsapato m'manja, mapepala apulasitiki kumutu.
Ine ndatsala kuwerenga chopereka ndi msungichuma:
makwacha onyowa, mazira anayi, chinangwa cha m'thumba,
batani limodzi.
Nditakweza maso pazenera lopanda galasi
ndaiona ikupita m'kanjira ka kuchigayo,
yopendekera mbali ya nthiti yodwala ija,
pansi pake miyendo isanu ndi umodzi,
ana a Edesi, akukanganirana chogwirira.

Msomali watsala wokha.
Msungichuma akuti tiyambirenso kuwerenga,
ndasokoneza.