Khoma Lakumadzulo

Linapendekeka, ndikudziwa.
Lameki wa kuseri kuno anabwera ndi chingwe chake,
nachilendeweretsa, napukusa mutu,
nati, "Achimwene, khomali likupita ku Chileka."
Ndinati lipite, bola lindisiyire denga.

Njerwa ndinaumba ndekha mu Julayi,
chiperoni chikulowa m'mafupa,
zikwi zinayi, kupatula zimene anaponda agalu.
Mchenga ndi wa mu Likhubula,
mawilibala makumi atatu ndi awiri.
Msana wanga ukuwerengabe.

Malata ndi akale, ogula ku Ndirande,
lililonse ndi mabowo a nyumba ina.
Ndinamata phula. Mvula ikapeza njira
ndimangosuntha tebulo.

Zaka khumi ndi zisanu ku Makata
ndinkamanga mabawuti a eni,
kusaina m'buku pobwereka sipanala.
Lero ili pa msomali wanga,
nambala teni pambali pa thwelofu.

Nelesi akuti chitseko chimalira.
Chizilira.

M'mawa uno mnyamata wa kabaza
wakankha njinga kuchokera ku Chirimba,
waima pakhomo thukuta lili kamukamu:
"Eni galaja alipo?"

Ndayamba ndacheuka kaye
kuona ngati pali wina kumbuyo kwanga.